Odwazika matenda pakhomo ku Britain: ndalama zimene boma limapereka ndi misampha yake

Ku Britain, munthu amene akusamalira wodwala, wokalamba kapena wolumala kwa maola osachepera 35 pa sabata, popanda womulipira, akhoza kupempha ku boma ndalama yotchedwa Carer's Allowance. Kuyambira mu Epulo 2025 ndalamayi inali £83.30 pa sabata. Mukaigawa ndi maola 35 aja ikutuluka £2.38 pa ola, pomwe malipiro otsikitsitsa amene lamulo limalola kwa wantchito wa zaka 21 kupita m'tsogolo anali £12.21 pa ola chaka chomwecho. Ndipo maola 35 ndi poyambira chabe. Amene akudwazika mayi wa sitiroko sawerenga maola: kumutembenuza usiku kuti asachite zilonda, kumusambitsa, kumusintha thewera, kuphwanya mapilitsi m'phala, kudikira foni ya kuchipatala imene anati ibwera m'mawa koma ikubwera dzuwa litapendeka.

Kalembera wa 2021 anapeza anthu pafupifupi 5 miliyoni ku England ndi Wales amene amagwira ntchito imeneyi osalipidwa, ndipo 1.5 miliyoni mwa iwo amaigwira maola 50 kapena kuposa pa sabata. Ambiri ndi azimayi. Bungwe la Carers UK ndi akatswiri a pa University of Sheffield anawerengetsa mu 2023 kuti boma likanati lilipire ntchito yonseyi, likanawononga £162 biliyoni pa chaka m'madera awiriwa, ndalama yoyandikira imene imayendetsa zipatala zonse za boma za NHS.

Kwa ife amene tinazolowera kuona magadiyani akuphika panja pa Queens kapena pa Central, kugona pansi m'mbali mwa bedi la wodwala popanda amene angawapatse ngakhale ya sopo, kumva kuti kuli boma limene limapereka kangachepe kwa wodwazika kumamveka ngati mwayi. Ndi mwayi ndithu. Kwathu Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amayang'ana umphawi wa banja lonse, osati ntchito ya amene akusamalira. Koma dongosolo la ku Britain linamangidwa mwa njira yoti wosalidziwa bwino likhoza kumusiya ndi ngongole yoposa thandizo limene analandira, ndipo ambiri zawachitikira. Abale athu amene akukhala ku Manchester, ku Glasgow kapena ku London ayenera kulimvetsa asanasaine fomu iliyonse.

Ndalamayi inachokera kuti

Chiyambi chake chimafotokoza chifukwa chimene ndalamayi ili yochepa chonchi. M'busa wina wachizimayi, Mary Webster, anasiya ntchito yake kuti asamalire makolo ake okalamba, ndipo mu 1965 anayambitsa bungwe lomenyera ufulu wa azimayi osakwatiwa amene anali m'mavuto ngati ake. Bungwe limenelo ndi limene pambuyo pake linadzakhala Carers UK. Mu 1976 boma linayamba kupereka ndalama yotchedwa Invalid Care Allowance, koma azimayi apabanja linawasiya kunja. Maganizo anali oti mkazi wapabanja amakhala kale pakhomo, ndiye akamasamalira apongozi sakutaya malipiro alionse. Zinatengera mayi wina, Jackie Drake, kukasuma mpaka ku khoti la mayiko a ku Ulaya, ndipo mu 1986 khomo linatseguka kwa azimayi apabanja. Dzina la Carer's Allowance linabwera mu 2003.

Choncho kuyambira pachiyambi ndalamayi sinali malipiro a ntchito yosamalira. Inali chipepeso chochepa kwa munthu amene walephera kukagwira ntchito yolipidwa. Malamulo ake onse ovuta amachokera pamenepo: boma limafuna umboni woti mukutayadi malipiro, ndipo mukangooneka kuti mukupezako ndalama kwina, limabweza dzanja.

Amene angalandire

Chinthu choyamba sichiri pa inu, chiri pa wodwalayo. Ayenera kukhala akulandira kale ndalama ya boma ya ulumali kapena matenda. Kwa wamkulu wosafika zaka za penshoni ndi gawo la Personal Independence Payment (PIP) lokhudza moyo wa tsiku ndi tsiku. Kwa wokalamba ndi Attendance Allowance. Kwa mwana wosafika zaka 16 ndi Disability Living Allowance, pa mlingo wapakati kapena wapamwamba wa chisamaliro. Ngati wodwalayo sakulandira iliyonse mwa izi kapena ina yofanana nazo, inu simungapate kanthu ngakhale mutamusamalira usana ndi usiku. N'chifukwa chake mabanja ambiri ayenera kuyamba ndi fomu ya wodwala, imene ndi yaitali, ndipo imafuna kuti mulembe zinthu zimene mwamwambo wathu sitikonda kutchula, monga kuti bambo sangathe kupita kuchimbudzi okha. Amene amalemba mwaulemu kuti "akuyesetsa ndithu" amakanidwa.

Zotsalazo n'zachidule. Mukhale ndi zaka 16 kupita m'tsogolo, musakhale pa sukulu ya maola 21 kapena kuposa pa sabata, ndipo mukhale kuti mwakhala m'dzikomo zaka ziwiri mwa zitatu zapitazi. Sikofunika kuti mukhale pachibale ndi wodwalayo kapena kugona naye nyumba imodzi. Koma wodwala mmodzi amalandirira wosamalira mmodzi yekha, ngakhale mutamasinthana ndi mchemwali wanu, ndipo mukamasamalira anthu awiri, mayi ndi mwana, ndalama ndi yomweyo. Pempho likhoza kubwezedwa m'mbuyo mpaka miyezi itatu.

Kusamalira makolo amene ali kumudzi, kudzera m'ndalama zotumiza ndi mafoni a pa WhatsApp apakati pa usiku, sikuwerengedwa konse, ngakhale kumadya gawo lalikulu la malipiro a anthu athu ambiri kunjaku.

Malire a malipiro, pamene pagona vuto lalikulu

Wolandira Carer's Allowance amaloledwa kugwirako ntchito, koma asapitirire malire. Kuyambira mu Epulo 2025 malirewo anali £196 pa sabata, atachotsapo msonkho, ndalama ya National Insurance (imene antchito amasonkha kuti adzalandire penshoni ya boma), theka la zimene mumasonkha ku penshoni, ndi zina zimene mumalipira munthu amene si wachibale wapafupi kuti akuyang'anireni wodwala kapena ana mukapita kuntchito. Ndalama zina za boma, monga Universal Credit ya anthu opeza zochepa kapena osagwira ntchito, zimatsika pang'onopang'ono malipiro akamakwera. Iyi ayi. Ili ngati chiphompho: mukadutsa malire ndi kakobidi kamodzi, ndalama yonse ya sabata imeneyo yapita.

Tiyeni tione mmene zimakhalira, potengera ziwerengero za 2025. Mayi akugwira maola 16 pa sabata m'sitolo, pa £12.21 pa ola. Akulandira £195.36, watsala ndi mapeni 64 kuti agunde malire. Lachisanu mnzake wadwala, bwana akumupempha kuti atsaleko ola limodzi. Sangakane, chifukwa bwana yemweyo ndi amene amamulola kuthamangira kunyumba mwana akagwa khunyu. Malipiro afika £207.57. Wapindula £12.21, wataya £83.30.

Choopsa kwambiri n'chakuti munthu amatha kudutsa malire osasintha chilichonse. Mu 2018 malire anali £120 ndipo malipiro otsikitsitsa anali £7.83 pa ola, kotero wogwira maola 15 ankalandira £117.45, ali mkati bwinobwino. Mu Epulo 2019 boma linakweza malipiro kufika £8.21 ndipo malire linawafikitsa pa £123. Maola 15 omwe aja tsopano akupereka £123.15. Wadutsa ndi mapeni 15. Carer's Allowance nthawi imeneyo inali £66.15 pa sabata, ndiye pakatha chaka asanadziwe, ali ndi ngongole yoposa £3,400 chifukwa cha mapeni amene pa chaka chonse sakukwana ngakhale £8.

Mwina mungafunse kuti nanga boma silinkaona? Linkaona. Unduna woona za ntchito ndi penshoni, DWP, umalandira uthenga kuchokera ku bungwe la misonkho la HMRC nthawi iliyonse imene malipiro a wosamalira adutsa malire. Koma kwa zaka zambiri undunawu unkafufuza pafupifupi theka lokha la mauthengawo, ena n'kumangounjikana. Lamulo limati udindo wonena za kusintha kulikonse ndi wa wolandira, choncho kalata imabwera patatha zaka zitatu, zinayi, zisanu, yonena kuti bwezani zonse, nthawi zambiri ndi chindapusa cha £50 pamwamba. Ena anatengeredwa kukhoti pa mlandu wachinyengo. Akuluakulu owerengera chuma cha boma, a National Audit Office, anachenjeza za izi mu 2019, koma sizinasinthe. Mu 2024 nyuzipepala ya The Guardian inaikumba nkhaniyi kwa miyezi, ndipo zinadziwika kuti anthu oposa 130,000 anali ndi ngongole zotere, zonse pamodzi zoposa £250 miliyoni.

Boma la Labour litalowa linapempha Liz Sayce, katswiri wa za ufulu wa anthu olumala, kuti afufuze. Lipoti lake linatuluka mu Novembala 2025 ndipo linaloza chala dongosolo ndi utsogoleri wa undunawo, osati osamalira. Linapeza kuti malangizo a mmene angawerengere malipiro osinthasintha, a anthu amene sabata ino apeza zambiri sabata yamawa zochepa, anali osokoneza komanso olakwika. Boma linavomera kuunikanso milandu ya kuyambira 2015 mpaka 2025. Kukweza malire kuchoka pa £151 kufika £196, n'kuwamangirira ku maola 16 a malipiro otsikitsitsa, kunathetsa vuto la mtundu wa mapeni 15 lija. Koma lamulo loti mukadutsa pang'ono mumataya zonse silinachotsedwe pa nthawi imeneyo, ndipo kwa ine ili ndi limene limapangitsa dongosololi kukhala losalungama: limauza munthu wotopa kale kuti akafuna thandizo asayese kudzitukula.

Werengani za nyumba yonse musanapemphe

Pali chinanso chimene anthu amadzidzimuka nacho. Carer's Allowance imakhudza ndalama zina, zanu ndi za wodwala.

Ngati muli pa Universal Credit, £83.30 ija imachotsedwa yonse ku Universal Credit yanu. Dzanja lamanja lapereka, lamanzere latenga. Phindu lenileni limabwera ndi gawo lina la mkati mwa Universal Credit la osamalira, limene mu 2025 linali £201.68 pa mwezi. Gawo limeneli lilibe malire a £196 aja, ndipo mukhoza kulilandira osapempha n'komwe Carer's Allowance, bola mukusamalira maola 35 munthu amene akulandira ndalama ya ulumali. Limamasulanso munthu ku lamulo loti azisaka ntchito ndi kukaonekera ku Jobcentre, ofesi ya boma ya osaka ntchito. Kwa wosamalira amene maola ake a ntchito amasinthasintha, njira imeneyi nthawi zina ndiyo yopanda ngozi, ngakhale Carer's Allowance ili ndi ubwino wake pa mtundu wa zosonkha za National Insurance zimene boma limakulemberani.

Ngati mwafika zaka za penshoni, nkhani ndi ina. Penshoni ya boma ndi Carer's Allowance zonse zimatengedwa ngati zolowa m'malo mwa malipiro, ndiye sizilipidwa pamodzi. Penshoni yathunthu mu 2025 inali £230.25 pa sabata, choncho gogo wa zaka 70 amene akusamalira mwamuna wake wa matenda oiwala salandira kalikonse ka Carer's Allowance. Komabe ayenera kupempha. Amalandira kalata yonena kuti ndi woyenera koma sadzalipidwa, ndipo kalata yooneka yopanda pake imeneyi ndi imene imamuonjezera ndalama pa Pension Credit, thandizo la okalamba opeza zochepa; mu 2025 choonjezeracho chinali £46.40 pa sabata. Okalamba ambiri amaiponya m'kabati poganiza kuti akanidwa.

Ndiye pali msampha wa wodwala. Munthu wolumala kwambiri amene amakhala yekha amatha kulandira ndalama yoonjezera, imene mu 2025 inali £82.90 pa sabata. Wina akangoyamba kulandira Carer's Allowance kapena gawo la osamalira la Universal Credit chifukwa chomusamalira, ndalama imeneyo imaima. Mwana wamkazi akupeza £83.30, mayi ake akutaya £82.90, banja lapindula mapeni 40, ndipo ngati mwanayo ali pa Universal Credit mwina banja laluza kumene. Alangizi a Citizens Advice kapena a Carers UK amawerengera izi mwaulere, ndipo pa intaneti pali zowerengetsera za Turn2us ndi entitledto.

Amene sakwanitsa maola 35, kapena amadutsa malire a malipiro, asaiwale Carer's Credit. Si ndalama ya m'manja. Ndi ya amene amasamalira maola 20 kapena kuposa pa sabata, ndipo imadzaza zaka za National Insurance. Penshoni yathunthu imafuna zaka 35 zosonkha, ndipo osakwana zaka 10 salandira konse. Mayi amene anabwera ku Britain ali ndi zaka 35 n'kukhala zaka 10 pakhomo ndi mwana wolumala adzaona kufunika kwake akadzakalamba.

Zikavuta lero, osati mawa

Nyumba ya wodwala imadya ndalama mwa njira zimene ena saziona. Chotenthetsera m'nyumba chimayaka tsiku lonse m'nyengo yozizira chifukwa wodwala satuluka. Makina ochapira amazungulira kawiri katatu pa tsiku. Kuli mataxi opita kuchipatala, kulipira poimika galimoto, zakudya zapadera. Firiji ikafa kapena bilu ya gasi ikabwera yokwera, palibe potapa.

Khomo loyamba ndi khonsolo. Ku England lamulo la Care Act 2014 limapatsa wosamalira aliyense wamkulu ufulu wopempha kuti khonsolo iunike zosowa zake iye mwini, posatengera kuti amapeza ndalama zingati kapena amasamalira maola angati. Kuunikako kukhoza kubweretsa munthu wodzakhala ndi wodwala kuti inu mupumeko, kapena ndalama ya kamodzi yogulira chinthu chofunika. Kunena zoona, makhonsolo ambiri alibe ndalama, mzere ndi wautali, ndipo zimene mungapate ku Birmingham sizifanana ndi za ku Kent. Makhonsolo amakhalanso ndi thumba la mavuto adzidzidzi. Kuyambira mu 2021 boma linkawapatsa ndalama za Household Support Fund zothandizira chakudya ndi magetsi. Pa msonkho wa nyumba wa Council Tax, wosamalira wa maola 35 amene amakhala ndi wodwala akhoza kusawerengedwa ngati wamkulu wa m'nyumbamo, zimene zimatsitsa bilu, koma izi sizigwira ngati wodwalayo ndi mwamuna kapena mkazi wanu, kapena mwana wanu wosafika zaka 18.

Khomo lachiwiri ndi mabungwe achifundo. Carers Trust imagwira ntchito kudzera m'malo a osamalira a m'madera, ndipo amapereka ndalama zochepa zogulira bedi, chitofu kapena makina ochapira. Family Fund imathandiza mabanja opeza zochepa amene akulera ana olumala. Palinso mabungwe a anthu amene anagwirapo ntchito zina, anamwino, aphunzitsi, a m'masitolo, amene ambiri sadziwa n'komwe kuti alipo. Kuntchito, kuyambira pa 6 Epulo 2024 lamulo limapatsa wosamalira sabata imodzi ya tchuthi pa chaka. Ndi tchuthi chosalipidwa, ndiye amene akusowa kale ya lendi sangachigwiritse ntchito.

Scotland inatenga njira yakeyake. Kuyambira mu 2018 inkapereka ndalama yoonjezera kawiri pa chaka, imene mu 2025 inali £293.50 ulendo uliwonse. Pofika mu Novembala 2024 inali itakhazikitsa m'dziko lonse Carer Support Payment m'malo mwa Carer's Allowance, ndipo iyi imalola ophunzira ambiri a m'makoleji kulandira. Ilinso ndi ndalama ya pa chaka ya achinyamata amene akusamalira makolo kapena abale awo. Malire a malipiro ndi ofanana ndi a kumwera.

Chitupa chanu chikunena chiyani

Kwa anthu athu ambiri funso lenileni ndi ili. Amene ali pa viza ya ntchito, ya za umoyo ndi chisamaliro, kapena ya sukulu, pafupifupi onse ali ndi lamulo loti asalandire ndalama za boma zothandizira anthu. Carer's Allowance, Universal Credit, PIP, Attendance Allowance ndi Pension Credit zonse zili pa mndandanda woletsedwawo. Kulandira mwangozi kukhoza kuononga pempho lanu lodzaonjezera masiku kapena lodzakhazikika. Ndiye mumapeza mlongo wathu amene masana akusambitsa okalamba a eni dziko m'nyumba yosamalira anthu, usiku akudwazika mwamuna wake, akusonkha msonkho mwezi ndi mwezi, koma pa zonse zimene tafotokozazi sangakhudze ngakhale chimodzi cha ndalama za DWP.

Sikuti njira zonse zatsekeka. Thandizo la mabungwe achifundo siliri pa mndandanda woletsedwa. Kuunika zosowa za wosamalira ndi za wodwala kumene khonsolo imachita sikuli pamenepo. Gawo 17 la lamulo la Children Act 1989 limapatsa khonsolo udindo pa mwana amene ali pa vuto, kuphatikizapo wolumala, posayang'ana chitupa cha makolo. Mwana amene ndi nzika ya Britain akhoza kulandira Disability Living Allowance m'dzina lake ngakhale kholo lili loletsedwa, ngakhale kholo lomwelo silingapemphe Carer's Allowance. Ndipo amene ali pa viza ya banja akhoza kupempha Home Office, unduna woona za zitupa, kuti ichotse chiletsocho ngati afika posowa pogwira. Zonsezi muyambe mwafunsa mlangizi wovomerezeka wa za zitupa, osati zongomva pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi.

Amene anakhazikika kale ndipo akulandira, asamale ndi maulendo akumudzi. Lamulo limalola kupuma pa chisamaliro mpaka masabata anayi m'masabata 26 alionse. Maliro akumudzi, ndi zokambirana za pambuyo pake, amatha kudya masabata asanu kapena asanu ndi limodzi mosazindikira, ndipo masabata opyolawo amasanduka ngongole ngati simunanene. Wodwala wamkulu akagonekedwa m'chipatala masiku oposa 28, ndalama yake ya ulumali imaima, yanu n'kuima nayo. Akamwalira, Carer's Allowance imapitirira masabata asanu ndi atatu okha.

Ngati kalata ya ngongole yafika kale, musathamangire kuvomera. Muli ndi mwezi umodzi wopempha DWP kuti iunikenso chigamulo chake, ndipo ikakana mukhoza kukadandaula ku khoti lapadera la nkhani zotere, kumene simulipira. Funsani kuti anawerengera bwanji malipiro anu sabata ndi sabata, ngati anachotsa theka la zosonkha za penshoni, ndiponso ngati anaganizira zoti malipiro anu amasinthasintha. Ngongole ikakhala yoona, muli ndi ufulu wopempha kuti azidula pang'ono pa mwezi malinga ndi mmene mukupezera. Mapepala a malipiro a zaka zimenezo, ngakhale a ntchito imene munasiya kalekale, ndi amene adzafunike, ndipo ngati anatayika, HMRC imasunga mbiri ya malipiro anu imene mungaipemphe.